Tsitsi Lolukidwa ndi Dzanja Lamanzere

Ine anthu amanditcha Wailesi, ndipo sindikwiya nazo chifukwa sananame. Ndili ndi saluni ya mipando itatu, yopanikizika pakati pa shopu ya mafoni ndi kochapitsa zovala, ndipo zaka makumi awiri zatha ndikuluka mitu ya anthu pakamwa posatseka. Kasitomala akakhala pampando wanga amanyamuka ndi zinthu ziwiri, tsitsi labwino ndi nkhani za msewu wonse. Amunanga ndi mtundu wina wa munthu. Amakonza mafiriji, ndipo tsiku litha kutha atangonena kuti "tiyi" ndi "zikomo". Achibale amati pa tsiku la ukwati mawu a banja lonse ndinatenga ndine, iwo nkutsala ndi makutu.

Mwana tinabereka mmodzi, wamwamuna. Anakula, anapeza ntchito kutali, nkukwatira komweko. Chipinda chake chinasanduka mosungira makompuresa akufa a mafiriji a bambo ake ndi zidole zanga zophunzitsira kuluka, zija za mutu wokhawokha zopanda thupi. Tsiku lina ndinalowamo kukafuna sizasi, nkupeza mitu itatu ili pabedi ikundiyang'ana. Ndinati ayi, izi ndiye zamanyazi, pabedi la munthu pazigona munthu.

Sabata yomweyo pampando wanga panakhala mayi wina wa magalasi, wosalankhula zambiri, amene ndinamupanikiza ndi mafunso mpaka anaulula komwe amagwira ntchito. Anati ali ku bungwe lopezera ana mabanja owalera. Pali ana amene makolo awo adwala, kapena amangidwa, kapena zinthu zangosokonekera pakhomo, ndiye bungwelo limawapezera nyumba ina kufikira kwawo zitakhalanso bwino.

"Si kupatsidwa mwana ayi," anatero. "Ndi kumulera kwa kanthawi. Atha kukhala miyezi itatu, atha kukhala zaka zitatu. Tsiku lina amapita."

Mayi ameneyu pambuyo pake ndinamutcha a Mafomu, ndipo muona chifukwa chake.

Madzulo ndinawafotokozera amunanga, kuyambira pa mitu itatu ija mpaka pa mayi wa magalasi, tiyi wawo mpaka kuzizira m'kapu. Nditamaliza anayang'ana kudenga, anayang'ana chitseko cha chipinda chija, nkuti, "Makompuresa ndichotsa Loweruka." Wosawadziwa akanaona ngati sanayankhe. Ine ndinadziwa kuti avomera ndi mtima wonse. Mwana wathu nditamuimbira anaseka, akuti, "Amayi, mwandipezera kale wondilowa m'malo? Chabwino, koma mumuuze kuti windo la chipinda chimenecho limafuna kulikankha ndi phewa."

Abale inu, pobereka mwana wako palibe amakufunsa kanthu, koma kulera wa mnzako! Fomu ya ine, fomu ya amunanga, fomu ya nyumba. Kupolisi kukadinda zala, kuchipatala kukapimidwa m'chifuwa, mboni ziwiri zoti zikanene kuti sitiluma. A Mafomu anabwera kunyumba katatu. Anatsegula makabati, anayesa mawindo, anafunsa komwe timasunga mankhwala, nkundiuza kuti mankhwala owongolera tsitsi azikhala pokiya. Ulendo wachitatu anati akufuna kulankhula ndi amunanga paokha. Ine ndinakhala kukhitchini mtima uli m'mwamba, ndikuti basi tagwa, munthu ameneyu angoti "tiyi". Anatha ola lathunthu! Mpaka lero sindidziwa zomwe ananena. Ndikawafunsa amangoti, "Anandifunsa, ndinayankha."

Ndiye panali maphunziro, Loweruka lililonse m'mawa kwa milungu isanu ndi umodzi, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mankhwala, mipando yapulasitiki ndi fani yolira. Tsiku loyamba a Mafomu anafunsa chimene aliyense wabwerera. Ine dzanja m'mwamba, monga mwa masiku onse.

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe," ndinatero, ndikuyembekeza kuti andiombere m'manja.

A Mafomu anavula magalasi. "Mwambi umenewo ndi wabwino, koma polowa muno muziusiya pakhomo pamodzi ndi ambulera. Mwana wa mnzako ndi wa mnzako. Mumudyetse ngati wanu, mumukonde ngati wanu, koma musaiwale kuti ali ndi eni ake."

Anatiwerengera malamulo. Osamukakamiza kuti azikutchani amayi. Osamusintha dzina, sukulu kapena kopemphera. Osamufunsa za kwawo, akafuna adzanena yekha. Osamumeta kapena kumusintha tsitsi popanda iye mwini ndi kholo lake kuvomera. Ndipo china chikalakwika muimbe foni tsiku lomwelo, musadikire kuti timve kwa ena. Lamulo losafunsa mafunso ndinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa ndimadzidziwa. La tsitsi sindinalilembe nkomwe. Ndinati limenelo ndi la anthu osadziwa chipeso, ine ndingalakwitse chiyani pamutu pa mwana?

Kalata yotivomereza itabwera tinadikiranso miyezi iwiri. Amunanga anapenta chipinda, zidole zija ndinasamutsira kusaluni kuti mwana wa eni asadzafe ndi mantha. Ndinkafuna kupachika zithunzi khoma lonse, koma a Mafomu anati khomalo ndilisiye, adzapachike zake mwini chipinda. Foni ikangolira ndinkadumpha, chipeso kugwa, kupeza ndi munthu wofunsa ngati tatsegula.

Ya a Mafomu inalira Lachitatu masana ndili pakati pa mutu wa munthu, ndipo dzuwa lisanalowe anali pakhomo pathu ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, wowonda, atakumbatira chikwama cha sukulu pachifuwa. Mayi ake anagwa ndi sitiroko milungu isanu ndi umodzi m'mbuyomo, ali m'chipatala, bambo kulibe, achibale sanapezeke. Nthawi yonseyi mwanayo ankagona kunyumba ya bungwe.

Ndiulule, nkhope yake ndinaiona pambuyo. Choyamba ndinaona mutu. Mizere isanu ndi iwiri yopita kumbuyo, yakalekale, tsitsi latsopano litaitukula pansi, m'mbalimu muli nyankhalala. Koma amene analuka anali mmisiri, mizere yowongoka, yofanana kukula. Ndipo anali wamanzere. Zimenezi mmisiri mnzake amaona msanga. Wamanzere amatola tsitsi kuchokera mbali ina, ndiye mzere umagonera kumene ife sitiugoneka, ngakhale kamchira kake kamapindikira kwina. Zala zanga zinayamba kuyabwa pomwepo.

Masiku oyamba anali abwino kuposa momwe ndinkaopera. Mwanayo anali waulemu, wosavuta pa chakudya, kungoti dzira ankadya choyera chokha, chachikasu nkuwakankhira amunanga. Iwo ankadya osafunsa. Awiriwa anamvana tsiku loyamba lomwe, paja anthu osalankhula amadziwana. Madzulo ankakhala pakhonde, wina uku wina uku, kusenda malalanje nkumaonerera magalimoto, theka la ola popanda liwu. Kenako amunanga ankati, "Eee," iye nkuti, "Eee," basi nkhani yatha. Anayamba kuwatcha ankolo. Ine ananditcha anti pa tsiku lachisanu, pofunsa komwe kuli sopo, ndipo ndinakalowa m'bafa kukalira pang'ono ndi chimwemwe, nditatsegula mpopi kuti asamve.

Nyumba inadzuka. Panali tinsapato pakhomo, mapensulo m'mipata ya sofa, munthu woti ndimuuze kuti avale juzi. M'mawa ndinkamuperekeza mpaka pageti la sukulu, ine ndikumuuza mbiri ya shopu iliyonse yomwe tikudutsa, iye akumvetsera ngati adzalemba mayeso. Mafunso a za kwawo ndinawameza, ngakhale ankandiima pakhosi. Akaweruka ankabwera kusaluni nkukhala pakampando ka pakona ndi homuweki yake. Vuto linali pamenepo, chifukwa kusaluni ndimagwira ntchito ndi mlamu wanga, mchemwali wa amunanga, amene pakamwa pake pamatsatira panga.

"Woumba mbiya aphikira m'phale," ankandinong'oneza mlamu, maso ali pamutu pa mwanayo. "Alamu, makasitomala aziti chiyani? Chikwangwani panja chikuti akatswiri a tsitsi, mkati muli mutu uwu?"

Makasitomala nawo ankafunsa ndi maso. Ndinamupempha mwanayo katatu, mwaulemu, ndinamuonetsa zithunzi za masitayilo, ndinamulonjeza timikanda. Katatu konse anaika manja onse awiri pamutu nkuti, "Ayi, zikomo, anti." Pogona ankamanga duku zolimba, ndipo m'mawa ndinkamuona pagalasi akuyendetsa chala pamizere ija, milomo ikugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akupemphera.

Linali Loweruka la mlungu wachitatu, masana otentha, magetsi atazima, makina oumitsira tsitsi ali zii, kasitomala palibe. Ndinakhala pabenchi ndikucheza ndi mlamu za mkazi wa mwini shopu ya mafoni. Mwanayo anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi miyendo yanga ndi buku lake, ndipo posakhalitsa mutu wake unatsamira bondo langa. Wagona. Aka kanali koyamba kundikhudza mwa kufuna kwake. Mtima wanga unasefukira, ndinaika dzanja pamutu pake kumusisita, nkhani ikupitirira.

Simungamvetse ngati simuli woluka. Mutu ukafika pa mawondo anga, zala sizipempha chilolezo kwa ine. Nkhani ya mkazi uja inali pokoma, ndipo pomwe ndimayang'ana pansi, mzere wa pafupi ndi khutu lamanzere unali utamasuka wonse, kuyambira kumchira mpaka pamphumi, tsitsi lili m'manja mwanga.

"Mayo ine!" ndinatero, ndipo mawu amenewo ndi amene anamudzutsa.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anakweza dzanja nkuyamba kuyendetsa chala chija, ndipo ulendo uno ndinamva zomwe milomo inkanena. Umodzi, iwiri, itatu. Anafika pa isanu ndi umodzi, chala nkugwera patsitsi lomasuka. Anayambiranso. Isanu ndi umodzi.

"Anandiluka ndi amayi," anatero, mawu ali pansi. "M'mawa wa tsiku lomwe anagwa. Anati adzamasula okha."

Ndinati dikira mwanawe, ndibwezeretsa pompano, sizioneka nkomwe. Ndinaluka mzerewo mwachangu, bwinobwino, monga ndalukira mitu yosawerengeka. Anaukhudza kamodzi kokha.

"Si choncho."

Anaumasula yekha, anatola mabuku ake, nkukaima panja pa chitseko kudikira kuti tizipita. Titafika kunyumba analowa kuchipinda. Nditasuzumira ndinamuona atakhala pabedi, nsapato kuphazi, chikwama chopakira kale chili pamiyendo.

Mlamu anali atandilangiza kale potseka saluni kuti, "Alamu, musaimbe foni, mungadziitanire mavuto. Ana sachedwa kuiwala, mawa akhala akuseka." Kunena zoona ndinafuna kumumvera. Ndinawafotokozera amunanga zonse, ndikuzungulirazungulira, ndikuti magetsi, ndikuti kutentha, ndikuti zala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anatenga foni yanga patebulo nkuiika m'manja mwanga.

A Mafomu anabwera Lolemba. Anakhala ndi mwanayo kuchipinda nthawi yaitali, kenako anatipeza pabalaza. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa.

"Mwachita bwino kuimba," anatero. "Koma wapempha kuti abwerere kunyumba ya bungwe, ndipo mawu a mwana ife sitiwaponda. Ndamupempha kuti adikire milungu iwiri. Madokotala alola kuti tsiku limenelo akaone mayi ake koyamba. Tikadzatuluka m'chipatala ndidzamufunsanso. Akadzati achoke, achoka, ndipo simudzamuletsa."

Ndinangoti chabwino, koma mkati ndinali nditasweka. Milungu itatu yokha, komatu ndinkamukonda mwana ameneyu, ndipo ndinali ndi mantha kuti ndimutaya chifukwa cha zala zomwezi zimene ndimadyera.

Ndinkafuna kukapepesa, ndipo ndinakonza mawu okwanira ulaliki. Amunanga anandigwira mkono pakhomo la chipinda. "Munene kamodzi. Musafotokoze." Ndinalowa, ndinati, "Ndinalakwa. Pepa. Sindidzakugwiranso kumutu usanandiuze." Nkutuluka. Chibadwire sindinanenepo nkhani yaifupi chonchi, thukuta linatuluka ngati ndasenza firiji.

Mwanayo chikwama sanapakule, ankatulutsa chovala chimodzi m'mawa nkubwezamo china madzulo. Kusukulu ankapita ndi mizere isanu ndi umodzi, tsitsi lomasuka lija atalipanira kuseri kwa khutu ndi kapini. Ndi ankolo ake ankakhalabe pakhonde. Ine ankandipatsa moni wa kwa mphunzitsi wamkulu.

Madzi akatayika saoleka, zimenezo ndinkadziwa. Komabe mawu aja oti "si choncho" anandikhala pamtima, chifukwa mwanayo ananena zoona. Ndinatulutsa chimodzi mwa zidole zija, ndinachimangirira pampando wachitatu, nkuyamba kuphunzira kuluka motsogoza dzanja lamanzere. Ha! Zaka makumi awiri za ukatswiri zinathera pomwepo. Zala zinkasemphana, tsitsi linkapulumuka, mzere unkayamba bwino nkukhota ngati woledzera. M'mawa pa tiyi ndinkazungulira kumbuyo kwa mwanayo ndi ketulo ngati ndikufuna kuthira madzi, chonsecho ndikuba ndi maso momwe mizere ya mayi ake inagonera.

"Wailesi yatha mabatire," mlamu ankauza makasitomala, chifukwa ndikagwira chidolecho ndinkaluma lilime osalankhula. Kasitomala wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, anandimvera chisoni nkupereka mutu wake kuti ndiyeserepo. Nditamaliza anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, nkuti, "Mwayesetsa, mwana wanga. Muli ndi chipewa chobwereketsa?"

Mwanayo ankaona zonsezi ali pakona pake. Sindinamuuze kuti ndikuchitira iye, ndiponso sindinkadziwa ngati zithandiza. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinapita kukatsuka kasitomala kumutu, pobwera ndinapeza chidole chatembenuzidwa, chipeso chitazikidwa m'tsitsi mbali ya khutu lamanja.

"Amayi amayambira uku," anatero, maso ali m'buku.

Ndinati zikomo, basi. Mawu ena onse ndinawakhalira.

Tsiku lija linakwana. Tinakwera basi atatu, ine, mwanayo ndi a Mafomu, chikwama chija chili pamiyendo pake ndi zonse zake mkati. Amunanga anatiperekeza mpaka pasiteji, anamupatsa lalanje, nkuti, "Eee." Iye sanayankhe, ndipo ndinaona amunanga akuyang'ana kumbali.

Wodi inali yaitali, mabedi uku ndi uku, fungo la mankhwala okolopera. Mayi ake anali pabedi la pawindo, mayi wamng'ono kwa ine, pakamwa patakhotera mbali imodzi, mkono wamanzere utagonekedwa papilo. Mwanayo anaponya chikwama pansi nkukwera pabedi ndi nsapato zomwe. Ine ndi a Mafomu tinayang'ana panja nkumawerenga magalimoto, mpaka kulira kutachepa.

Kenako dzanja lamanja la mayiyo linakwera pamutu pa mwana wake. Linayenda, linabwerera. Mawu ake ankatuluka amodziamodzi, molemera.

"Iwe. Mutu uwu. Ndi womwe uja?"

"Eee, amayi."

"Miyezi itatu! Akukusunga ndani? Saona?"

Ndinayandikira. Ndinati ndine, mayi, ndipo mzere womasukawo ndinamasula ndine, iye asanavomere, inu musanavomere, ndinalakwa. Mayiyo anandiyang'ana ndi diso lakuthwa.

"Umodzi wokha? Yotsalayo munasiyira ndani?"

A Mafomu anatsokomola kubisa kuseka. Koma mwanayo sanaseke.

"Munati mudzamasula nokha," anatero. "Ndimadikira inu."

Mayiyo anayang'ana mkono wake papilo paja, ndipo tonse tinauyang'ana. Ndinamuona akuulamula, mitsempha ya pakhosi inaima, chala chimodzi chinagwedezeka pang'ono, basi. Misozi inatsika.

"Dzanja ili lili patchuthi, mwana wanga. Silinanene tsiku lobwerera." Anapuma, nkutembenukira kwa ine. "Inu, ntchito yanu?"

"Ndine woluka tsitsi, mayi."

"Aa!" Anaseka, kuseka kokhota koma kwenikweni. "Woluka. Nkumayenda mumsewu ndi mwana wa mutu wotere. Chipeso muli nacho?"

Funso lake! Woluka angayende wopanda chipeso? M'chikwama mwanga munali zipeso ziwiri, mafuta ndi kabotolo kopopera madzi. Koma sindinatulutse. Ndinayang'ana mwanayo, chifukwa ndinali nditamulonjeza. Iye anatenga dzanja lamanja la mayi ake nkuliika pamchira wa mzere woyamba. Anamasula awiriwiri, mayi ndi zala zosazolowera, mwana akuthandiza. Unatenga nthawi mzere umenewo. Utatha anatsika pabedi, anakokera kampando pakati pa bedi ndi ine, nkukhala chondifulatira.

"Yotsalayo masulani, anti."

Ntchito ya theka la ola inatenga maola awiri. Ndinamasula, ndinapesa litsiro la miyezi itatu, ndinadzoza mafuta, nkuyambira kukhutu lamanja, dzanja lamanzere patsogolo. Mayiyo anali kapitawo wovuta kuposa aliyense amene anandiphunzitsapo. "Osati apo. Tolani pang'ono. Mwachulutsa. Masulani." Mzere wachitatu ndinaubwereza katatu. Odwala a mabedi oyandikana anatembenuka kudzaonerera, mayi wina wa pulasitala kumwendo nkumaperekanso maganizo ake. Namwino anabwera kudzatiuza kuti nthawi yoona odwala yatha, anayang'ana mutu wolukidwa theka, nkuti abweranso.

"Inu si wamanzere," anatero mayiyo ndili pamzere wachisanu.

"Ndine wamanzere wa milungu iwiri, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kuchokera pamenepo sananenenso kuti masulani. Ndinali wokondwa, ndikuuzeni, ngakhale ndinali ndisanadziwe ngati mwanayo abwerera nane. Mutu unali pa mawondo anga, eni ake akuona, ndipo sindinkaba.

Nditamaliza mayiyo anayendetsa dzanja pamizere yonse isanu ndi iwiri.

"Wachiwiri kuchokera uku wakhota," anatero. "Koma apite nayo."

Tinatuluka nkukhala pabenchi ya m'khonde, pafupi ndi masitepe. A Mafomu anatulutsa pepala ndi cholembera, nkundiuza kuti ndiyambe ndakaima poteropo. Mwanayo anati, "Akhale." Ndinakhala.

"Paja ndinati ndidzakufunsanso," anatero a Mafomu. "Ukufuna kubwerera kunyumba ya bungwe, kapena upite ndi anti? Chilichonse unganene, palibe akukwiyire."

Anakweza nsidze kuyesa khungu la pamphumi, anagwira kuseri kwa khutu, nkuchita tsinya.

"Amakoka," anatero. "Amayi sakoka chonchi. Mutu wonse ukuwawa."

A Mafomu anadikira, cholembera chili m'mwamba.

"Ndiye ndilembe kuti chiyani?"

Mwanayo anawayang'ana ngati afunsa chinthu chodziwikiratu.

"Nanga ndikachoka, aphunzirira pa ndani?"

Anadumpha pabenchi, anatsika masitepe atatu, nkutembenuka.

"Anti, mukulira chiyani? Tiyeni, basi itisiya."